Fyuzi Ikamapsa Mobwerezabwereza, Wolakwa Si Fyuziyo

Magalimoto ambiri amene amanyamula anthu pa Great East Road pakati pa Sinda, Katete ndi Chipata, ndi ena aja amakhotera ku Chanida kapena kukameza fumbi la ku Vubwi, anafika kuno atatumikira kale ku Japan kwa zaka zambiri. Corolla, Spacio, Noah, Hiace, Canter: injini zake n'zolimba, palibe wotsutsa. Chimene chimakalamba mwakachetechete ndi mawaya. Pulasitiki yokutira waya imauma ndi kutentha kwa injini, imang'aluka, ndipo mabampu a m'misewu yathu amatsiriza ntchito. Tsiku lina hutala yangoti zii, kapena nyale zazima, kapena kiyi akutembenuka koma padashibodi pali bii. Mwatsegula kabokosi ka pafupi ndi batire, fyuzi yapsa. Mwaikapo ina, yapsanso.

Apa ndi pamene alangizi amachuluka. Pa siteji, pagalaja ya patsinde pa mango, pamsika, aliyense ali ndi mankhwala ake, ndipo amawapereka ndi mtima wabwino. Ena mwa malangizowa ali ndi kachoonadi. Ena angathe kuotcha galimoto imene munthu anagula ndi thukuta la soya ndi thonje la zaka zingapo.

"Fyuziyo ndi yofooka, ikanipo yaikulu"

Awa ndiwo malangizo ofala kuposa onse, ndipo ndi amene awononga mawaya ambiri. Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kopangidwa dala kuti kasungunuke moto ukapyola muyezo. Chimene imatchinjiriza kwenikweni si wailesi kapena babu, koma waya. Opanga galimoto anayeza kunenepa kwa waya aliyense, n'kumusankhira fyuzi imene ingaduke wayayo asanayambe kutentha. Nambala yolembedwa pamsana pa fyuzi ndiyo muyezo umenewo m'maampu. Mafyuzi apulasitiki amiyendo iwiri amene tinazolowerawa anayamba kupangidwa ndi kampani ya Littelfuse ya ku America mu 1976, ndipo mitundu yake ili ndi tanthauzo: yabulauni ndi 7.5, yofiira ndi 10, yabuluu ndi 15, yachikasu ndi 20, yoonekera mkati ndi 25, yobiriwira ndi 30.

Tsono mukachotsa yofiira n'kuikapo yobiriwira, waya simunamusinthe. Akadali wopyapyala yemwe uja. Mwangolola kuti moto wochuluka katatu udutse mwa iye, ndipo kutentha sikukwera katatu ayi. Moto ukawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ukawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza ka 9. Pachigayo lamba akamaduka chifukwa mkati mwagwera chitsulo, palibe mwini chigayo amene amaikapo tcheni kuti asadukenso. Amazimitsa injini, n'kutsegula, n'kuchotsa chitsulocho.

Kachoonadi kalipo, sindibisa. Fyuzi imene yakhala zaka 15 ikutenthedwa ndi kugwedezeka imatha kutopa n'kuduka popanda chifukwa china. Choncho ikapsa koyamba, ikanipo ina ya nambala yomweyo, muone. Ikapsanso kachiwiri, nkhani ya kutopa yatha. Pali waya kapena chida chimene chikudwala.

Palinso mafyuzi otchipa kwambiri, opanda dzina la wopanga, amene kachitsulo kake sikagwirizana ndi nambala yolembedwapo. Ena amapsa msanga, koma oopsa ndi amene sapsa. Mu 2007, kampani ya Harbor Freight ku America inaitanitsa mapaketi a mafyuzi amene inali itagulitsa kale, chifukwa sankaduka panthawi yake. Dalaivala akamayamikira fyuzi kuti "iyi ndiye yolimba, siipsa," mwina akuyamikira chinthu chimene chidzamuotchere galimoto.

"Kulungani waya, bola tifike"

Kawaya kakopa, pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ngakhale kamsomali. Ndikumvetsa mtima wa dalaivala amene dzuwa lamulowera pakati pa Chadiza ndi Vubwi, m'galimoto muli amayi ndi makanda, shopu ya zitsulo za galimoto ili kutali. Koma batire la galimoto si la tochi. Poliza injini limatulutsa maampu oposa 100, ndipo waya wamoto akagunda bode popanda fyuzi, limatha kukhuthula mahandiredi angapo nthawi imodzi. Waya amafiira m'masekondi ochepa. Ndipo sayenda yekha: mawaya amamangidwa pamodzi mumtolo, kuseri kwa dashibodi, pansi pa kapeti, ena moyandikana ndi mapaipi a petulo. Mmodzi akasungunuka amamatirira kwa anzake, ndipo vuto limene linali la nyale zakumbuyo zokha limalowa m'galimoto yonse. Utsi ukatuluka pansi pa chiwongolero mu Hiace yodzaza anthu, khomo lotulukira okwera ndi limodzi.

Njira yofikira ilipo yosaika moyo pachiswe. Magalimoto ambiri a ku Japan amabwera ndi mafyuzi apadera obisidwa kunsi kwa chivundikiro cha kabokosi. Ngati anatha kale, bwerekani ya chinthu chimene mungathe kuyenda popanda icho, monga wailesi kapena potchajira foni, koma ikhale ya nambala yofanana kapena yocheperapo. Yocheperapo ingathe kupsa msanga, koma siotcha kanthu. Nayonso ikapsa, ndi bwino kugona panjira kapena kukokedwa kusiyana ndi kukulunga waya.

"Batire latsopanoli lili ndi moto wambiri"

Munthu wachotsa batire laling'ono la maampu-awa 45, waikapo lalikulu la 70, mafyuzi ayamba kupsa, basi mlandu wagwera batire. Zoona zake n'zakuti batire silikankhira moto m'zida mwa kufuna kwake. Chida chilichonse chimakoka moto wokwanira icho. Lalikulu ndi laling'ono, onsewo ndi a mavolti 12; kusiyana kwake n'kwakuti lalikulu limachedwa kutha.

Komabe anthu sanama akamati vuto linayamba tsiku losintha batire. Batire lalitali kuposa malo ake limatha kugunda boneti ndi mutu wa pozitivi galimoto ikalumpha. Lina silikwana m'chitsulo chake chomangira, ndiye limamangidwa ndi malegeni, kapena kungosiyidwa, n'kumaseseleka pamsewu wa majidumajidu mpaka kufinya mawaya. Onaninso zilembo za pabatire. Mabatire a muyezo wa ku Japan ali ndi mayina ngati 46B24L kapena 55D23R, ndipo chilembo chomaliza, L kapena R, chimanena mbali imene mitu yake ili. Mukagula la mbali ina, nthambo zimakokedwa mokakamiza n'kumakhula pachitsulo, kapena, choipa kwambiri, munthu amaziika mosemphanitsa.

Kusemphanitsaku ndiye mdani wamkulu wa fyuzi yaikulu ya pafupi ndi batire, ija mu Toyota yolembedwa ALT, imene nthawi zambiri imakhala ya 100 kapena 120. Mu altaneta muli timadayodi timene timalola moto kuyenda mbali imodzi yokha. Pozitivi ndi negetivi zikasinthana, ngakhale kwa kamphindi ka kuphethira, timadayodi timatsegula njira yonse ndipo fyuzi yaikulu imaduka pomwepo. Anthu amati "ndinangogunditsa pang'ono, sizingatheke." Zimatheka, ndipo mwiniyo ayenera kuthokoza kuti yapsa ndi fyuzi, osati kompyuta ya injini. Izi zimachitika kawirikawiri pojampa galimoto mumdima, komanso m'midzi imene magetsi a ZESCO sanafike, kumene batire limachotsedwa madzulo kukaunikira m'nyumba n'kubwezeredwa m'mbandakucha mopapasa. Musadalire mtundu wa nthambo, poti galimoto yakale yadutsa m'manja ambiri ndipo waya wofiira angathe kukhala pa negetivi. Unikani chizindikiro cha + ndi − pabatire penipenipo.

Fyuzi yaikulu ikapsa popanda kusemphanitsa, kayikirani malo awiri: timadayodi ta mu altaneta tapsa n'kugwirana, kapena nthambo yonenepa yochokera ku altaneta yakhulika n'kugunda injini. Ndipo dziwani kuti m'ma Toyota ambiri fyuzi imeneyi inamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa kabokosi. Siizulidwa ndi pulayasi ngati zing'onozing'ono zija. Ambiri aphwanya kabokosi konse poikoka.

Za kujampa zili ndi msampha winanso. Ma Canter ambiri ndi malole amene amatuta chimanga ndi mtedza nyengo yokolola amayendera mavolti 24, mabatire awiri olumikizana. Kujampa Corolla kuchokera pamabatire onse awiriwo n'kuipatsa moto wowirikiza. Injini ingalire mwamphamvu, inde, koma mababu, mafyuzi ndi kompyuta zimalipira.

Mwambo wina umene sufuna kutha ndi wochotsa nthambo ya batire injini ikulira, ati kuona ngati altaneta ikutchaja. Unkapitirira pamagalimoto akalekale opanda kompyuta. Pa Vitz kapena Noah, batire ndilo limameza moto wolumpha, ndipo mukalichotsa mavolti amatha kukwera mpaka makumi angapo kwa kanthawi kochepa, kokwanira kupha zida. Kamita kam'manja kamayankha funso lomwelo popanda ngozi: batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikamalira payenera kuoneka pakati pa 13.8 ndi 14.5. Zikapyola 15, altaneta ikutchaja mopyola muyezo.

"Ndangoonjezera kanyale basi"

Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akamakhamukira ku Mkaika kumwambo wa kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mverani magalimoto amene amadzaza msewu wa Katete. Masipika akugunda mpaka pachifuwa, nyale zoonjezera pamphumi, matchaja a foni anayi pabowo limodzi. Zonsezi n'zokoma, ndipo palibe cholakwa kukometsa galimoto yako. Cholakwa ndi malo amene moto wake watengedwa.

Masamu ake ndi apafupi: gawani mawati ndi 12, mupeza maampu. Babu la nyale yakutsogolo la mawati 55 limakoka maampu osakwana 5. Wina akaikapo la 100 kuti aziona bwino njinga ndi ngolo usiku, lakwera kupitirira 8. Nyale ziwiri zoonjezera za 100 iliyonse zimafuna pafupifupi 17. Ampulifaya imene ikukoka mawati 500 imafuna oposa 40. Tsono ngati wolumikiza anangosenda waya woyamba amene anapeza pansi pa dashibodi, wa fyuzi ya 10 kapena 15, n'kupotokolerapo, fyuziyo ichita bwanji? Apa palibe shoti, kutanthauza waya wamoto kugunda bode; pali katundu wolemera. Chida chachikulu chimafuna waya wakewake wonenepa bwino wochokera ku batire, fyuzi yakeyake pafupi kwambiri ndi batirelo, ndi rileyi. Waya wochoka pa pozitivi n'kudutsa pabowo la chitsulo kulowa m'galimoto wopanda fyuzi, ngakhale atagwira ntchito chaka chonse, akungodikira tsiku lake.

Bowo lotchajira foni nalo lili ndi malire. Fyuzi yake ikakhala ya 10, limapirira mawati 120. Ikakhala ya 15, mawati 180. Kapampu ka matayala kapena inveta zimatha kupyola pamenepo. Nthawi zina vuto ndi kandalama kachitsulo ka ngwee kamene kagweramo, kapena nsonga ya tchaja yotchipa imene yathyokera mkati.

"Galimoto iyi alowererapo anthu"

Izi sizinenedwa mokweza, koma zimanenedwa. Munthu wagula kagalimoto kake koyamba, pamudzi pali amene sanakondwere, ndipo galimotoyo yayamba khalidwe losamvetseka. Kwa makanika ku Katete ikulira bwinobwino tsiku lonse. Ikangosiya tala kulowa msewu wa kumudzi, fyuzi yapsa. Makanika atatu alephera. Mtima umayamba kuloza amalume, kapena mnzake wa pa siteji. Nkhani imeneyi imandiwawa kuposa zina zonse, chifukwa galimoto ikapsa ina imagulidwa, koma chibale chikang'ambika chifukwa cha kunamizirana, ana ndi adzukulu amakula osalonjerana.

Chimene chikuoneka ngati chizimba ndicho chizindikiro chodalirika kwambiri kwa wodziwa magetsi a galimoto. Waya wosendeka sagunda chitsulo nthawi zonse. Galimoto ikaima, amalendewera patali pang'ono ndi bode. Ikayamba kudumpha pamsewu wamiyala, amagunda. Funso lofunika ndi lakuti: fyuzi imapsa nthawi yanji, ndipo dalaivala amakhala akuchita chiyani?

Ikapsa mukaponda buleki, pitani ku nyale zakumbuyo, ku timasoketi ta mababu ndi mawaya a ngolo yokoka ngati analumikizidwapo. Ikapsa mukalowetsa rivesi, m'ma Toyota ambiri akale nyale za rivesi zimadya pa fyuzi yolembedwa GAUGE, ndipo waya wake amadutsa pa giyabokosi. Yolembedwa TAIL ikayamba kupsa mutangoikitsa wailesi yatsopano, kawaya kounikira wailesiyo kasiyidwa pamtunda kapena kalumikizidwa polakwika. Yolembedwa EFI ikamapsa injini itatentha, fufuzani waya wa sensa ya pa ekizozi, amene amatha kugwa pakamangidwe kake n'kusungunukira pa paipi yamoto. Pa Noah, Spacio ndi Probox, mawaya olowa m'chitseko chakumbuyo amapindika nthawi iliyonse chitsekocho chikatsegulidwa, ndipo amathyokera mkati mwa kamphira kowakutira. Ikapsa nyengo ya dzinja yokha, kapena mutawoloka mtsinje, kapena anyamata atathira injini madzi potsuka, madzi alowa m'soketi kapena m'nyale yosweka. Ikapsa patapita mphindi zingapo mutayatsa mawaipa kapena fani, mota yake yalimba ndi fumbi ndipo ikukoka moto wambiri.

Musaiwale makoswe. Galimoto imene imanyamula matumba a chimanga ndi mtedza, n'kumagona pafupi ndi nkhokwe, ndi nyumba yofunda yokhala ndi chakudya. Khoswe amatafuna pulasitiki ya waya mofanana ndi mmene amatafunira thumba, ndipo amakonda malo obisika amene diso la makanika silifika msanga.

Fyuzi yopsayo musaitaye musanaiyang'ane. Mkati mukada ngati mwalowa mwaye, kachitsulo katamwazika, moto unabwera wambiri mwadzidzidzi: imeneyo ndi shoti. Kachitsulo kakangoduka pakati mwaukhondo, kawirikawiri ndi katundu wolemera. Pulasitiki ikasungunuka m'miyendo kachitsulo kali kamoyo, timano togwira fyuzi m'kabokosi tamasuka kapena tachita dzimbiri, ndipo kutentha kukubadwira pamenepo.

Kusaka shoti sikufuna makina odula. Tengani babu la indiketa la mawati 21, lumikizani mawaya awiri, muwalowetse m'mabowo awiri amene fyuzi imakhala. Babulo silingalole moto woposa maampu 2 kudutsa, choncho palibe chingapse. Shoti ikakhalapo, limawala kwambiri. Kenaka zulani zida za panjira imeneyo chimodzichimodzi. Babu likazima kapena kuzilala mutazula chida china, wodwala ndi chidacho. Likapitiriza kuwala zonse zitazulidwa, vuto lili pa waya, ndiye yambani kugwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, makamaka pamene ukudutsa pabowo la chitsulo, pamahinjesi ndi pafupi ndi ekizozi, maso ali pa babu. Pamene liphethire, pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi imatha kudya theka la tsiku.

Pali mitundu iwiri ya mawaya osayenera kuseweretsa. Achikasu, kapena okhala ndi soketi yachikasu, ndi a ma airbag, ndipo babu loyesera lingathe kuwaphulitsa. Onenepa amtundu wa lalanje, m'magalimoto a haibulidi ngati Aqua ndi Prius, amanyamula mavolti oposa 100 ndipo angathe kupha munthu. Pogwira ntchito ina iliyonse pafupi ndi batire, yambani kuchotsa nthambo ya negetivi, ndipo ikhale yomaliza kubwezera. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Nthambo yopita ku sitata nthawi zambiri ilibe fyuzi konse, ndipo sipanala ikagunda pozitivi ndi bode imawotcherera pomwepo. Sipanala ya 10 izikhala pamalo ofikirika msanga, chifukwa utsi ukayamba, kuzimitsa kiyi sikukwanira. Moto umaleka mukamasula negetivi.

Magetsi a galimoto ndi luso lapadera, lophunzitsidwa palokha m'masukulu a zaumisiri a pansi pa TEVETA. Katswiri wa injini ndi mabuleki sakhala katswiri wa mawaya nthawi zonse, ndipo makanika woona mtima amanena yekha kuti apa pitani kwa wamagetsi. Inu eni magalimoto a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mupatseni wamagetsiyo nthawi, ndipo mumulipire chifukwa cha kusaka, osati chifukwa cha fyuzi imene walowetsa. Akanena kuti yatheka, mufunseni kuti, "Amisiri, shoti inali pati? Ndionetseni wayayo." Tsegulaninso kabokosi muone ngati nambala ya fyuzi ikufanana ndi yolembedwa pachivundikiro. Ngati sangakuonetseni pamene panali vuto, kapena mwapeza yobiriwira pamalo a yofiira, galimotoyo sinakonzedwe, ndipo musanyamulemo anthu.